Kachipu ka Bambo a Ana

12 Okotobala

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Mukuti ndilongedze, nditenge ana ndibwerere kwathu, shopu yokonzera zamagetsi ndisiyire alamu anga poti mwiniwake tinaika m'manda. Amayi, ndimakulemekezani, koma ulendo umenewo palibe.

Sabata yatha kunabwera bambo wina woonetsa mpira, dikoda ili m'khwapa. Magetsi anazima ili mkati molandira pulogalamu yatsopano, ndiye inasokonezeka mutu: kanyale kofiira kokha, chithunzi ayi. Alamu anali pakhomo monga mwa masiku onse, kuyeza shopu ndi maso.

"Mlamu, izi zinali za malemu," anatero. "Ikakukanikani mundipatse makiyi."

"Nanga ndikaikonza?"

"Simudzandionanso pano."

Ndinauza mwini dikodayo kuti akhale mboni.

Matenda amenewa mankhwala ake ndi amodzi. Umachotsa kachipu kosunga pulogalamu, kufufuta zonse, n'kulembamo zokopera ku dikoda yamoyo yofanana nayo ndendende. Ndinazungulira amisiri onse, yofanana osaipeza. Inalipo imodzi basi, yathu ya pabalaza, imene bambo a ana anatchera ndi manja awo. Chimwalirireni iwo, sindinalole munthu kusintha kanthu mmenemo.

Sindikubisirani, ndinalira poimasula. Kachipuko n'kochepa ngati nyemba, timiyendo take tosachedwa kuthyoka, ndipo moto wa chowotcherera ukanangopitirira ndikanapha dikoda yathu yomwe. Koma ndinakachotsa osathyola kamwendo n'kamodzi komwe. Zaka zonsezi anthu ankati ine ntchito yanga n'kugwirira amuna anga tochi, kuiwala kuti wogwira tochi ndiye amaonetsetsa.

Ndinakopera pa kompyuta, kulemba m'kachipu kodwalako, n'kubwezera tonse tiwiri m'malo mwake. Nditayatsa, kanyale kanasanduka kobiriwira.

Chimene sindinaganizire n'chakuti kukopera sikusankha. Dikoda ya eni ake inadzuka ndi matchanelo a amuna anga mmene anawasanjira, woyamba uja wa nyimbo zakale, mawu ali pamwamba mpaka galasi la pawindo kunjenjemera, monga ankachitira akamameta ndevu. Alamu anaizindikira nyimboyo. Anakhala pampando wa makasitomala, kenako anavula chipewa n'kutuluka. Anandimvetsa chisoni, pajatu nawonso anataya mbale wawo, koma makiyi ali m'thumba mwangamu.

Woonetsa mpira ndinamuikira matchanelo ake, ndipo yathu nayonso ikugwira bwinobwino.

Choncho musavutitse amalume kuti adzanditenge. Ngati akufunabe kubwera, anyamule wailesi yanu yosalankhula ija ndidzaione. Ana akupereka moni, ali bwino, akudya, akupita kusukulu. Mupereke moni kwa onse amene akuti mkazi wamasiye sangakhale yekha m'tauni. Inuyo muzindipempherera, Amayi, koma osati pemphero loti ndibwerere.

Ine mwana wanu,
Wamakani uja