Matabwa Atatu a Tebulo la Bambo

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa ndikamalankhula pa foni amayi amakhala ali chapafupi, ndipo makutu awo mukuwadziwa.

Nkhani ndi ya tebulo lija la mkungudza limene bambo anakhoma pamodzi ndi mipando yake, lokhala panja pansi pa mtengo. Chimwalirireni bambo, wolisamala ndine. Ndimachita monga anatiphunzitsira: kutsuka ndi madzi a sopo ndi bulashi yofewa, kulisiya liume, kupala pang'ono ndi sandipepa motsata mizere ya thabwa, kenako kupaka mafuta. Vanishi ayi, paja ankati panja amangosupuka ngati khungu la njoka. Zaka zonsezi mvula ndi dzuwa zangolimeretsa imvi basi. Silinawole, ndipo chiswe sichinalilawepo.

Mwezi wathawu akuntchito ananditumiza ku maphunziro a milungu iwiri. Pobwera ndinapeza tebulo lofunditsidwa nsalu, chinthu chimene amayi sanachitepo. Akuti mbalame zikuliipitsa. Loweruka nditavundukula kuti nditsuke, ndinaima kaye. Imvi zija panalibe, linali lofiirira ngati latsopano. Nditapala pakona, fungo lokoma lija silinamveke, ndipo pansi pa utoto panatuluka thabwa loyera. Paini, achimwene! Miyendo ndi yomwe ija, koma matabwa atatu aatali apamwamba ndi achilendo. Ngakhale pamene munalemba dzina lanu ndi msomali mpaka kukwapulidwa, palibe.

Ndinalowa m'nyumba. "Amayi, tebuloli latani?"

"Latani bwanji? A Pensulo angolikonza."

"Linathyoka pati?"

"Iwe, upolisi unauyamba liti? Tenga tsache usese panjapo."

A Pensulo mukuwakumbuka, mmisiri uja ankagwira ntchito ndi bambo, wosachotsa pensulo kukhutu ngakhale pamaliro. Masiku ano akubwerabwera, ndipo ndikangotulukira, iwo ndi amayi amayamba kukamba za kutentha. Ndisakubisireni, ndinaganiza ziwiri. Mwina awapusitsa amayi n'kukagulitsa matabwawo, poti mkungudza ukusowa ndipo oufuna ndi ambiri. Mwinanso akuwafunsira. Sindinadziwe kuti chowawa kwambiri n'chiti.

Lolemba masana ndinapita kumene a Pensulo amagwirira ntchito osauza munthu. Fungo la mkungudza linandichingamira pakhomo. Pansi panali utuchi wofiira, ndipo kuseri kwa chitseko kunali matabwa athu, opalidwa bwino, ena odulidwa kale.

"Awa ndi matabwa a bambo anga," ndinatero. "Mwagulitsa kwa ndani?"

A Pensulo anasiya kupala. "Mwana wanga, ine sindinabe. Ndinachita kutumidwa."

"Kutumidwa kupanga chiyani?"

Anangopitiriza kupala. Pakhoma panali kapepala ka miyeso, ndipo zolembazo zinali za amayi, manambala awo opendekeka aja. Ndinayang'ananso matabwawo. Awiri anali otakata chakumtunda, opyapyala chakumunsi. Achimwene, maonekedwe amenewo ndinawaonapo kamodzi, tsiku limene tinkaika bambo.

"Ndi bokosi?"

"Amayi ako anati akufuna kudzagona m'thabwa limene amuna awo analigwira ndi manja awo, losawola msanga. Anandilumbiritsa kuti ndisanene."

"Kodi akudwala?"

"Ine ndimadziwa matabwa okha. Zina kafunseni eni ake."

Ndinatuluka osatsanzika, ngakhale kupepesa powatcha akuba sindinapepese.

Panjira ndi pamene maso anatseguka. Madiresi a amayi akuwakulira. Chakudya akumangochigwiragwira n'kunena kuti adya kale. Lachinayi lililonse amati akukaona mnzawo wodwala, koma mnzakeyo dzina alibe, ndipo amabwerako atatopa, kathonje kali pamkono.

Apa ndiulule tchimo langa. Ali kosamba, ndinapisa m'chikwama mwawo. Ndinapeza khadi lakuchipatala lodzaza masiku, kuyambira mwezi wa Juni. Dzina la matenda sindinathe kuliwerenga, koma mzere umodzi ndinauwerenga bwinobwino. Pamene pamalembedwa wachibale woti adziwitsidwe, pali dzina lanu ndi nambala yanu.

Ndiye ndikufunseni, achimwene, munadziwa liti? Kale munkaimba kamodzi pamwezi, lero Lamulungu silidutsa, ndipo amayi amakayankhira kuchipinda chitseko chili chotseka. Ine ndinkasangalala kuti mwayamba kutikumbukira. Ngati anakulumbiritsani inunso, ndikumvetsa, amayi akagwira chinthu salekerera. Koma amene ndimawachapira ndi kuwaphikira ndine. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, mundisiya pakhonde ngati kamwana mpaka liti?

Sindinawauze kuti ndadziwa. Tikumakhala pa tebulo lomwelo, iwo kundiba ndi maso, ine kuwaba ndi maso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo awasowa. Amayi andiona ndikulemba, akuti ndikupatseni moni wambiri ndiponso ndikuuzeni kuti ali bwino kwabasi. Ndakuuzani. Tsiku lalikulu pa khadipo, limene alizunguliza ndi cholembera chofiira, ndi pa 30 mwezi uno. Ndidzawaperekeza, afune asafune, koma kudzanja linalo kukufunika munthu. Musandiyankhe papepala. Bwerani.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza