Phulusa pa Malire a Dimba

Lifidzi, Angónia

Wokondedwa mlongo wanga Délcio,

Ndikhulupirira uli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti miyendo ya amayi ikuvutabe ndi chisanu.

Mbewu za oregano zija unatumiza kuti tizilimira khitchini ya patarau, bwana wako uja, zinamera bwino. Koma iwe, bola ukanatitumizira nyemba.

Unanena wekha kuti n'zazing'ono ngati fumbi, tisazikwirire. Amayi anazisakaniza ndi phulusa monga timachitira ndi fodya, n'kukawaza m'mamawa mphepo isanayambe. Bedi lakelo lili pa malire ndi dimba la a Eusébio, aja amatitchabe obwera chibwerereni kuchokera ku Malawi. Akazi awo anaona. Tangoganiza, nkhalamba kuwaza phulusa pa malire si nyengo ya fodya, kenaka tsiku ndi tsiku kuwaza madzi ndi zala uku ikunong'ona kolona.

Posakhalitsa mbatata za a Eusébio zinapsa masamba. Tsopano mdzukulu wawo wagonekedwa kuchipatala ku Ulongwe, thupi moto. Timasamba tathu ndiye tili biriwiri, fungo ngati mankhwala, ndipo m'mudzi muno palibe akudziwa dzina la timasambati.

Ndinatafuna timasambato pachitsime anthu akuona, kuti adziwe kuti n'zothira m'ndiwo. Ati mankhwala sapweteka mwini wake. Ndinauza amayi kuti tingozula, iwo ati tikazula anena kuti tabisa.

Dzulo ndapeza nthambi zina zothyoledwa. Ndamva kuti a Eusébio apita nazo kwa woombeza ula kutsidya kwa malire, ndipo abwera naye Loweruka. Anthu asiya kudzapala moto kwathu. Ukudziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikalozedwa chala.

Ndili ndi mantha, Délcio, sindikubisira. Mwini mbumba ndiwe. Pempha tchuthi kwa patarau, ukwere minibasi ya shapa, udzaphike ndiwo zimenezi pabwalo, uitane a Eusébio adye nawe mbale imodzi. Ine mawu anga atha mphamvu.

M'mawa uno ndinawabisira amayi ndowa yothirira. Anatenga mphika, n'kumapita motsimphina. "Anandituma ndi mwana wanga," anatero, "sizingafe ndi ludzu."

Mulungu akusunge panjira. Upereke moni kwa alamu Emilia ndi ana. Usayankhe kalatayi, ungobwera lisanafike Loweruka.

Ndine mlongo wako,
Natércia