Andimangirira pa mlandu wa eni ake

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe, inu ndi alamu? Kuno ku Mnkhanya tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Mlandu wanga uja wasintha. Paja maskauti oteteza nyama anandigwira m'paki ndikumweta udzu wofolera nyumba, ndipo ndinapita kukhoti wokonzeka kuvomera. Koma woimira boma anapempha kuti auphatikize ndi mlandu wa amuna awiri amene anapezeka ndi nyama ya njati, poti anatigwira tsiku limodzi, tsidya limodzi la mtsinje. Anawonjezanso mawu akuti ndinkasaka nawo. Kusaka njati ndi chikwakwa, achimwene?

Ndinakweza dzanja n'kunena kuti, "Bwana, anthuwa ndinawaonera koyamba m'galimoto ya maskauti. Ndiweruzeni pandekha."

A majisitireti anati mboni zake ndi zomwezo, sangaziitane kawiri, ndipo ngati sindinasake zidzaoneka pozenga. Potuluka, mmodzi wa awiriwo anandiseka: "Usalire mphwanga, tsopano ndife banja."

Koma kuzengako sikukuyamba. Wina wa iwo akadwala, tonse amatibweza. Ulendo uliwonse ndimagonera kuboma, kumunda kulibe womenya zitini, ndipo njovu zamaliza kale chimanga cha kudambo. Amake Tisa sangathamangitse njovu ali ndi mwana kumsana.

Za loya sindikupemphani, ndikudziwa mmene zilili. Ndikupempha chimodzi. Akandimanga, mudzatenge mkazi wanga ndi Tisa mvula isanatseke msewu. Mkaziyo ntchito amaitha, ndipo mwanayo sadya zambiri.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Yotamu