Foni Ikulozera Alendo Anga kwa Chester

Likhubula,
Mulanje.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Joice,

Mukuukumbuka mwala uja wa kumapeto kwa munda, pamene ababa ankatula katundu wa alendo akatsika m'phiri? Tsiku lina anabwera ndi chinanazi nachidulira pamwalapo. Tinalipo inu, ine ndi Chester wa tsidya la kamtsinje. Chidutswa chachikulu anapatsa Chester, ati chifukwa ndi mlendo. Changa ndinadya, koma maso anali pa chake. Lero mutu wayera, komabe chaka chino ndakhala ngati ndikadali pamwala pomwe paja.

Kuno tadzuka bwino, kaya inu ndi alamu ku Mzuzuko.

Paja munda wa ababa ndinausandutsa kampu yoti okwera phiri azimangapo matenti, ndipo ndinaitcha dzina lawo. Chester nayenso ali ndi yake tsidya lija. Chiyambireni nyengo ya alendo, anthu akhala akundiimbira ali ku Blantyre kuti ndiwasungire malo. Alamu anu a Jenifer amasesa, kutereka madzi, ine kuwaza nkhuni. Dzuwa likapendeka timangoona fumbi tsidya, kenako geti ya Chester kulira. Ena amadzatipeza atazungulira m'minda ya tiyi, nkhope zili gwa. Koma ambiri akaona kapinga wa Chester ndi bafa yake yamatailosi, amangotsitsa zikwama. Kampu ikapanda alendo mpaka mvula, sindikudziwa ngati chaka chamawa ndidzatsegulenso.

Mlendo wina wa ku Zomba, a Hussein, anandionetsa foni yawo. Mapu anawatsogolera bwinobwino kuchokera pamsewu wa tala, ndipo mawu a m'foni aja anawauza kuti afika ali pageti ya Chester, dzina la ababa lili poteropo. Achemwali, mtima unandiwawa. Ndinati basi, munthu uja walowa m'mapu n'kundibera. Moni ndinasiya kumupatsa, kutchalitchi ndinasintha benchi. Ndinakhoma chikwangwani chachikulu pamphambano, koma masiku ano ndani ayang'ana kunja? Maso onse ali pafoni. Tsiku lina ndinaima pamsewu n'kubayibitsa galimoto ya alendo anga omwe, dalaivala anangopukusa mutu poyesa ndikupempha matola.

Sabata yatha a Rosie, akazi a Chester, anakumana ndi alamu anu kuchigayo. Anangowafunsa kuti tsiku limene ndinkaika chizindikiro cha kampu pamapu ndinaima pati. A Jenifer atabwera nalo funsolo kunyumba, ndinakumbukira zimene ndinachita tsikulo. Geti yathu mukuidziwa, ndi mitengo iwiri ya bulugamu ndi waya. Sindinaone kuti dzina la ababa lingakhale pamenepo. Ndinayenda mpaka kumwala kuja, n'kuima pamwamba pake, n'kudina. Tsono mwalawo uli m'mphepete mwa kamtsinje, ndipo msewu woyandikira kwambiri ndi wa Chester. Foni siidziwa kuti pakati pali madzi opanda mlatho, siiwadziwanso ababa. Imangofuna msewu wapafupi.

Alamu anu anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Ndiye inu mumafuna galimoto izikwera pamwala, ikapereke moni kwa apongozi?"

Mwina mukuganiza kuti nsanje inathera pamenepo. Ayi ndithu. A Rosie anati Chester wakhala akuuza mlendo aliyense kuti pano si pamene mwasungitsa malo, n'kumawajambulira pansi ndi kamtengo njira yobwera kwa ine. Amene amatsala, amatsala mwa kufuna kwawo. Anayesanso kundiimitsa pamsika kuti andiuze, ine ndinapotoloka. Akanakhala kuti anandiberadi, ndikanapeza pomudera. Koma taonani, kapinga wabwino ndi wake, alendo ndi ake, tsopano ngakhale mtima wabwino ndi wakenso. Madzulo ndikamva alendo akuseka tsidya, ndimadzifunsa ngati ababa sanaone kale china chake mwa mwana uja chimene mwa ine munalibe. Inu munali wamkulu, mundiuze zoona mukamayankha.

Dzulo Chester ananditumizira uthenga. Akuti Loweruka m'mawa abwera pageti yanga kuti tidzachotse chizindikiro pamwala, tichiike pakhomo penipeni polowera galimoto. Tikatero tidzakwera galimoto yake mpaka kumsewu wa tala, n'kubwerera motsata foni, tione ngati itifikitse kwa ine. Akutinso tilembe malangizo otumizira alendo, onena kuti akawoloka mlatho wa kumsewu wa tala akhotere kumanzere pa uvuni ya njerwa, chifukwa netiweki imathawa m'munsi mwa phiri muno. Ndinachedwa kuyankha, koma ndavomera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. A Jenifer akuti mubwere musanaiwale njira, poti mukadalira foni mukagona kwa eni kapinga. Chester nayenso wapereka moni, ndipo wafunsa ngati mwala uja ukadalipo. Ndamuuza kuti adzauona yekha tikamaliza ntchito. Chinanazi ndagula kale, chili pawindo chikupsa. Mpeni udzakhala m'manja mwanga, achemwali, ndipo mpaka pano sindinadziwe kuti chidutswa chachikulu chidzapita kwa yani.

Ndine mlongo wanu,
Bizwick