Galimoto ya Amalume Ikukokera Kumanzere

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi onse a pakhomo. Ndikufunitsitsa kumva za moyo wanu, makamaka wa amayi. Kodi diso lawo lakumanja likuzindikirabe munthu akaima pakhomo, kapena nalonso layamba kuchita mdima? Nanga chiuno chija chikuwalola kukhala pampando? Ife kuno tikudzuka bwino. Maphunziro akuyenda, ngakhale masiku ano m'kalasi mumakhala thupi lokha.

Kalatayi ndapatsira aphunzitsi a kwathuko amene anabwera kudzatenga mabuku, chifukwa nkhani yake siyoyenera foni yodukaduka ija mumaimba mutakwera pachulu. Mukudziwa kuti madokotala a maso anatipatsa tsiku lochotsa ng'ala ya amayi, ndipo ine ndinalonjeza pamaso panu kuti galimoto ya amalume idzafika pakhomo penipeni kudzawatenga. Ndikufuna mumve kwa ine mmene galimotoyo ilili tsopano.

Mutandiuza kuti mvula yakumba msewu mpaka galimoto zikukhula mimba pamiyala, ndinawaumiriza amalume kuti yawoyo ikwezedwe. Iwo sanafune. Ankati yawayendetsa zaka zambiri monga momwe eni ake anaipangira. Ndinawayankha kuti mayi wokhala kutali ndi phula ali ndi ufulu wofikiridwa ndi galimoto ngati wina aliyense, ndipo mfundo imeneyi sindinaisinthe mpaka lero. Anagonja. Tinagula masipiringi aatali, mashoko ake, ndi matayala akuluakulu oyendera m'matope. Sizinali zida za kampani imene inapanga galimotoyo, koma wogulitsa analumbira kuti zimalowa ngati zobadwa nazo.

Makaniko wa amalume anamangirira zonse, galimoto n'kutuluka m'galaja itatalika moti amalume anachita kukwera atagwira chitseko. Anthu apanjira ankatembenuka. Koma titangolowa mumsewu waukulu ndinaona manja awo akulimba. Akamasula chiwongolero pang'ono, galimoto imayamba yokha kupita kumanzere ngati mbuzi yaona munda. Akaponda mabuleki ndiye imachita kuthamangirako.

Tinabwerera. Makaniko anaseka, nati misewu yonse ndi yopendekeka kuti madzi azitsetsereka, choncho galimoto iliyonse imatero. Ndinamuuza kuti mawu si umboni, tipite pamalo osalala. Tinapita pabwalo loimikapo mabasi, losalala ngati tebulo, ndipo galimoto inakokabe. Kuyambira pamenepo anayamba kunditcha Loya, ngakhale ndamuuza kuti zamalamulozo ndikadali kuphunzira chabe.

Taonani zimene tayesa, kuti musaganize kuti tangokhala manja lende. Tinayeza mpweya, tinapeza kuti ndi wofanana m'matayala onse. Tinasinthanitsa matayala akutsogolo, lakumanja kupita kumanzere, poganiza kuti ngati vuto lili m'tayala galimoto iyamba kukokera mbali inayo. Sinasinthe maganizo. Makaniko anaikweza pajeke n'kuzungulitsa mawilo ndi manja kuti aone ngati buleki ikugwira, koma onse ankazungulira momasuka. Titayenda mtunda ndinagwira ndekha malimu a mawilo akutsogolo awiriwo, ndipo panalibe lotentha kuposa linzake.

Kenako tinapita kwa munthu wa alaimenti, amene amawongola mawilo poyang'ana pakompyuta. Anamanga ndi kumasula mpaka chiwongolero chinakhala chowongoka bwino. Tinatuluka ndi chimwemwe, koma tisanafike pamphambano galimoto inali itayambanso khalidwe lake. Titabwerera anatifotokozera kuti kukweza kuja kunapendeketsa chitsulo chonyamula mawilo akutsogolo, ndipo pagalimoto ya mtundu umenewu palibe bawuti yobwezera. Anayezanso ndi chingwe kuchokera pawilo lakutsogolo kukafika lakumbuyo, napeza kuti mbali yakumanzere ndi yaifupi pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chala. Anati pali mabushi apadera, timalabala tolowa m'mfundo za zitsulo, amene mwina angathandize, koma ndi oitanitsa kunja, ndipo akadzafika amayi adzakhala ataphonya kale tsiku lawo. Ndinamufunsa ngati akutsimikiza kuti mabushiwo adzathetsa vutolo. Anati iye amatsimikiza za imfa yokha.

Apa ndi pamene ndinadziwira mmene anthu awa amagwirira ntchito. Makaniko atamva kuti wina walowetsa sipanala pansi pa galimoto, anasamba m'manja. Anati kwawo galimoto ikakhudzidwa ndi dzanja lachiwiri, mlandu umasamukira kwa mwini dzanjalo. Wa alaimenti akuti iye anaipeza ikudwala kale. Wogulitsa akuti chida chimene chaonetsa chipsera cha bawuti sichibwerera m'sitolo. Ndinamuwerengera zimene lamulo limanena pa katundu wosagwira ntchito imene anagulitsidwira, makasitomala ena akumvetsera. Anandilola ndimalize, kenako anati ndipite ndikamutenge woweruza milanduyo adzagwire yekha chiwongolero. Onse anaseka. Ndalemba dandaulo, ndipo sindidzalisiya, koma dandaulo silinyamula wodwala.

Amalume anati basi, tibwezeretse zida zakale, galimoto ikhale yaifupi koma yomvera. Makaniko anatiyang'ana ngati tafunsa mvula ya chaka chatha. Anati chitsulo chimene chatsala pansi galimoto ikatuluka pageti chimakhala cha galaja, ndipo anagulitsa kale kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinati kumeneko ndi kuba. Amalume anandikoka dzanja, nandiuza kuti woyendetsa galimoto aliyense amadziwa kuti usanachoke umanena kuti zakalezo akuikire kumbuyo. Tsiku lokweza galimotoyo iwo anali pafoni ndi akuntchito, ndipo amene anaima pafupi ndi zitsulozo ndinali ine.

Ndinapita kwa ogula zitsulowo. Ndi bwalo lalikulu lodzaza zitseko za galimoto, mafelemu a mabedi ndi migolo yobooka. Ndinafukula mulu ndi manja mpaka dzimbiri linalowa m'zikhadabo. Bambo wa pasikelo anandimvera chisoni, nati lole inanyamula kale katundu wa sabata imeneyo kupita kosungunula. Anandionetsa masipiringi a thirakitala, nati ngati ndikufuna kutalika kwenikweni nditenge amenewo. Tafunsa m'magalaja ena, koma galimoto ya amalume ndi yakale, ndipo zida zake zenizeni zikusowa.

Sindinagonje msanga. Ndinawapempha amalume kuti tiiyese pamsewu wadothi kunja kwa tauni, poganiza kuti mwina m'matope matayala aakuluwo aonetsa ubwino wake. Kunali kutagwa mvula. Pamalo ena otsetsereka anaponda mabuleki pang'ono, galimoto n'kutembenuza mphuno kuloza ngalande. Anaibweza, koma ataima ndinaona akusisita phewa lawo lodwala lija.

Kenako anandikumbutsa chitsikiro cha paphiri paja, pamene pobwera kuno phompho limakhala kumanzere ndipo munthu amatsika phazi lili pabuleki mpaka kumlatho. Anati pamenepo sadzadutsa ndi galimoto iyi. Ndinakwiya. Ndinati ndipeza dalaivala wina wa manja olimba, ndipo ndinanenanso mawu ena okhudza mantha amene sindikufuna kuwalemba. Sanakweze mawu. Anangoti munthu amene ndikumutcha amayi anayamba wakhala mlongo wawo ine ndisanabadwe, ndipo sangamuike m'galimoto imene ili ndi maganizo akeake.

Ndayesa kwina. Ku ofesi ya ophunzira anandiuza mwaulemu kuti galimoto za sukulu sizinyamula makolo. Obwereketsa galimoto akangomva za msewu wathu nyengo ino amayamba kuyang'ana kumbali. Ndinapitanso kuchipatala kukapempha kuti tsiku lisunthidwe pang'ono. Namwino anati madokotalawo akamaliza kuno amapita zigawo zina, ndipo wophonya amadikira mpaka adzabwerenso mvula itatha kalekale. Anawonjezera kuti diso la amayi, mmene analionera, si lodikiritsa.

Tsono pempho langa ndi ili, achimwene. Pamene tinkakambirana za ulendowu munatchula ngolo, ine ndinakudulani mawu, n'kunena kuti amayi si thumba la feteleza. Lero ndikukupemphani ngolo yomweyo. Amalume akuti paphula, poyenda pang'onopang'ono, galimoto angathe kuigwira, ndipo avomera kufika mpaka pamene phula limathera. Kuchokera pakhomo kukafika pamenepo ndi inu. Chonde kalankhuleni ndi mwini ng'ombe zofatsa zija, osati zothamanga. Muyale matiresi awiri chifukwa cha chiuno, mumange pepala lapulasitiki pamwamba, ndipo alamu akhale nawo pambali kuti aziwauza za bampu lisanafike, poti iwo sangalione. Pachitsikiro ng'ombe muzigwire pamphuno, wina akhale kumbuyo ndi mwala wotsekera wilo. Munyamuke kutatsala tsiku, mukagone kwa msuweni wathu wa pagolosale, kuti m'mawa mungoyenda pang'ono tikakumane pothera phula.

Ngati mtsinje udzakhale utadzaza pamwamba pa mlatho, musawoloke. Zikadzatero sindikudziwa chimene tidzachite. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo ndilibe nzeru ina yoti ndikupatseni.

Mundiyankhe kudzera mwa aphunzitsi omwewa, kapena mukwere pachulu paja mungonena mawu amodzi, kuti zatheka kapena ayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti ndikudziwa kukula kwa ntchito imene ndawasenzetsa. Moni kwa azakhali, kwa msuweni ndi banja lake, ndi kwa ana onse. Amalume akupereka moni, akuti mlongo wawo asade nkhawa. Amayi muwauze nokha, mutakhala nawo pansi, ndipo muyambe ndi kunena kuti tsiku lawo silinasinthe. Akafunsa chifukwa chimene galimoto siifika pakhomo, musawanamize kuti ndi mvula. Muwauze kuti ndi ine, ndipo ndidzakhala nditaima pothera phula kuti ndiwatsitse m'ngolomo ndi manja anga.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene ali kusukulu