Chithunzi cha Mutu wa Wayilesi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, ndiponso kuti msana uja wasiya kukuvutani. Kuno tilipo. Amayi akupitabe kusitolo ya nsalu. Ine mayeso ayandikira. Mpope wa kubafa ukudonthabe, tinangotcherapo ndowa.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sitilankhula. Mukaimba, amayi amakweza mawu a foni n'kuiika patebulo, ine n'kumangoti ndili bwino, sukulu ili bwino. Iyi ndapatsira adalaivala a kuntchito kwanu kuti akupatseni pamanja.

Nkhani ndi ya mlongo wanga Wayilesi. Ndinakumvani mukugwirizana ndi amayi kuti teremu ino ikatha asiye sukulu, azikawathandiza kupinda nsalu kusitolo. Inu chithunzi cha ubongo wake munangochiona pa foni. Ine ndinali m'chipinda momwe ankachifotokoza, choncho ndikuuzeni zimene ndinamva.

Anamujambula chifukwa mutu unkamupweteka, ndipo adokotala ankaopa chotupa kuseri kwa maso. Makina ake ali ngati paipi yaikulu yoyera. Anamugoneka pakabedi, kumutseka m'makutu, n'kumuuza kuti asagwedezeke. Atatuluka anati munali ngati amisiri akukhoma malata pamutu pake. Anafunsa nesi ngati apezamo nzeru kapena mphepo yokhayokha. Nesi anati chimene apeza ndi pakamwa.

Adokotala ndi mayi wamfupi amene amalankhula maso ali pakompyuta. Choyamba anati chotupa palibe. Ananena kawiri. Kenako analoza timadontho towala tingapo pachithunzipo. Anati ana ambiri odwala nyurofayibulomatosisi, matenda a mawanga pakhungu aja amayi amangoti a dzina lalitali, amakhala nato, ndipo kwa ambiri timazimiririka akamakula.

Amayi anafunsa ngati timadonthoti ndi timene tikumulepheretsa masamu. Adokotala anati akatswiri sanamvanebe pa nkhaniyi. Anati alipo ana a timadontho tambiri amene amakhoza bwino, aliponso opanda n'kamodzi komwe amene amavutika. Anati chithunzi sichiyeza nzeru. Chofunika n'kumutengera kwa katswiri wa kaphunziridwe ka ana, akhale naye pansi, aone pamene pakumuvuta.

Amayi ankavomera ndi mutu, koma maso awo sanachoke pa timadontho tija. M'basi pobwerera anandinong'oneza kuti chipatso chikachita mawanga m'kati ndiye kuti chapita.

Sindikunena kuti Wayilesi alibe vuto. Kukopera za pabolodi kumamutengera nthawi. Manambala ake amasiya mzere n'kumatsetsereka. Ntchentche ikangodutsa, watayika. Koma mukamuwerengera nkhani kamodzi, mawa amakubwezerani yonse, munthu aliyense ndi mawu akeake, monga Wayilesi weniweni.

Mlungu wotsatira amayi anatenga chithunzi chija kupita nacho kwa aphunzitsi ake. Cholinga chinali chabwino. Ankafuna kuti asiye kumutsekera m'kalasi pa buleki akachedwa kumaliza ntchito. Aphunzitsi anachikweza pawindo n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Wayilesi akuti chinali chozondoka. Kenako anati pepani mayi, sindinkadziwa, n'kuchiika m'kabati ya m'kalasi. Chikadali momwemo.

Windo la laibulale yathu limayang'anana ndi kalasi yawo, ndipo ine pa buleki ndimakhala pamenepo. Choncho zina ndaziona ndekha. Anamusamutsira pampando wa pafupi ndi chitseko. Anamupatsa ntchito yofufuta bolodi ndi yothirira duwa la pawindo. Samukalipiranso. Chilichonse chimene wayankha, amati wayesetsa, tiyeni timuombere m'manja.

Tsiku lina tikubwerera kunyumba Wayilesi anandiuza kuti anawayesa dala. Aphunzitsi anafunsa kalasi kuti seveni kuchulukitsa ndi eyiti n'chiyani. Iye yankho ankalidziwa, tinali titaloweza limodzi m'mawa womwewo. Anakweza dzanja n'kuyankha kuti mbuzi. Aphunzitsi anati wayesetsa, tiyeni timuombere m'manja. Kalasi yonse inaomba, ena atagwa pamadesiki ndi kuseka.

Tsopano anzake amamutcha Mayi Wayesetsa. Akagwetsa cholembera, amaomba m'manja. Akamachokera kuchimbudzi, amaomba m'manja. Iye amafotokoza zimenezi osalira, akungomenya kachitsekerero ka botolo ndi phazi mumsewu. Anati kale aphunzitsi akamamukalipira, ankadziwa kuti akudikira yankho.

Dzanja anasiya kukweza. Lipoti la pakati pa teremu linati sakupita patsogolo. Ndi lipoti lomwe amayi anakuwerengerani pa foni, inu n'kunena kuti basi, tisamuvutitse mwana.

Ndinayesa kuwauza amayi za mbuzi ija. Anaseka kaye, kenako anakwiya. Anati ndine mwana, ndikadzabereka ndidzamvetsa kuti kuonerera mwana wako akusekedwa n'kotani. Kwa katswiri uja sanapite naye. Anati n'kukamuchititsa manyazi kawiri pa chinthu chimene chikuoneka kale pachithunzi. Sikuti amayi ndi ouma mtima. Akuganiza kuti kusitolo palibe amene angamuombere m'manja, ndipo pamenepo sakunama.

Pali china chimene sanakuuzeni. Akuti nkhani ziwiri pa foni imodzi zikanakugwetsani pantchito.

Tisanatuluke m'chipinda chija, adokotala anafunsa ngati ndine mchimwene wake weniweni wa Wayilesi. Anandiuza kuti ndivule shati. Anayatsa nyale, kundiyang'ana kumsana, m'khwapa, kenako m'maso. Mawanga amene ndinkayesa kuti ndi zibadwa wamba anawawerenga limodzilimodzi, akuwayeza ndi karula. Anati nanenso ndili nawo matendawa. Anati kundijambula n'kosafunika chifukwa mutu sundipweteka ndipo maso akuona bwino, ndizingobwera kudzaonedwa chaka chilichonse.

Ndinafunsa ngati m'mutu mwanga mulinso timadontho. Anati n'kutheka, ndipo n'kuthekanso kuti tinalimo ndili wamng'ono koma tinatha. Popanda chithunzi sangadziwe.

Amayi anandiletsa kunena kusukulu. Choncho ine zanga sizinasinthe. Aphunzitsi a masamu amandipatsabe choko funso likavuta, ndipo ndikalakwa amanditcha nthumbidwa pamaso pa kalasi yonse. Sindinkadziwa kuti chimenecho n'chinthu choti munthu angachisirire.

Bambo, ndikupempha kuti muwaimbire amayi foni masukulu asanatseke, muwauze kuti mwana apitirize. Mawu anu amawamva. Kwa katswiri uja ndikhoza kupita naye ndekha tikaweruka, basi yake ndikuidziwa ndipo kalata ya adokotala ili m'kabati ya mbale. Chithunzi chija achitenge kusukulu chibwerere kunyumba, ndipo aphunzitsi auzidwe kuti akalakwa azimuuza kuti walakwa. Mwina katswiriyo adzanena kuti afunika thandizo lalikulu kuposa mmene ndikuganizira. Zikatero tidzamve kwa munthu amene wakhala naye pansi.

Mukaona kuti asiyebe, sinditsutsana nanu. Kungoti pali funso limene mundithandize kuyankha. Pamene adokotala ankawerenga mawanga anga, Wayilesi anali pampando pomwepo atanyamula shati yanga. Dzulo tikutsuka mbale anandifunsa kuti popeza matenda ndi amodzi, ine ndisiya liti sukulu. Ndinamuuza kuti ndifunsa inu.

Mupereke moni kwa bambo aang'ono ndi azakhali, muwauze kuti nsapato zija zinandikwana. Mulungu akusungeni pantchito, ndipo musamanyamule zolemera nokha.

Ndine mwana wanu wachisamba.