Tsache Lomwe Tinkakulandani

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Kawale tilipo ndithu. Mng'ono wanga Chisomo anachira, mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yeniyeni. Kamunda ka ku Tsabango katipatsa chimanga chochepa, koma maungu okha mpaka tagawirako aneba.

Nkhani yaikulu ndi phewa langa. Nthawi ya mvula ndinagwa pa kabaza cha ku Biwi, phewa lakumanja n'kuguluka. Kuchipatala analibwezera, koma patapita masabata mkono unkakana kukwera. Nanga ine woluka tsitsi, mkono ukapanda kufika pamutu pa kasitomala, ana adya chiyani?

Ananditumiza ku mafizo, kuja amalimbitsa ziwalo zovulala. Ine ndimati ndikabayidwa jekeseni. Ndinapezako mayi wina wamfupi, wansangala, amene anangondiimika pakhoma n'kundiuza kuti zala zanga zizikwera ngati kangaude. Ndinaseka. Kenako anandigwiritsa ndodo ndi manja onse awiri kuti mkono wabwino uzikankha wodwalawo, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Kunyumba ndimachita ndi mtengo wa mopu, m'mawa ndi madzulo, ndipo pomwe zala zafika ndimalembapo ndi khala. Khoma lakuchipinda lada ndi mizere, alandilodi asaone. Chikundidabwitsa n'chakuti mzere wa sabata ino uli pamwamba pa wa sabata yatha. Zimatheka bwanji kuti chinthu chizichira chifukwa chochivutitsa?

Ndinamufunsa mayi uja. Anati kumanga ndi kupumitsa kuli ndi nthawi yake, koma nthawiyo ikatha, mfundo yosagwedezedwa imauma, minofu n'kufota. Ndili m'minibasi pobwerera, ndinakumbukira inu.

Paja munathyoka chigongono mutaterereka kubafa. Atachotsa chikhakha, ine ndi Chisomo tinakumanganinso mkonowo ndi chitenje m'khosi, miyezi ndithu. Mukagwira tsache, tinkakulandani. Mukati munyamule ndowa, tinkakukalipirani. Inu munkati, "Tandisiyani, ine si dzira." Ife kumaseka, tikudzitama kuti ndife ana osamala. Kapepala kakuti mubwererenso kuchipatala ndinakabisa ndine, poganiza kuti akangokupwetekani chabe. Mkono uja unauma chipindire, moti amayi akumpingo anavutika nawo pokuvekani bulauzi yanu yoyera tsiku lomaliza lija.

Kodi munkadziwa kuti tikulakwitsa? Ngati munkadziwa, bwanji simunatilande tsachelo mwaukali? Kapena munkangotisiya kuti tisangalale? Zikundipweteka, Amayi. Pepani.

Ndiye tamverani za dzulo. Chisomo anabwera, mwana ali kumsana, n'kundipeza ndikuyanika zovala. Anathamanga kudzandilanda beseni, akuti ndidzipweteka. Ndinamuyankha ndi mawu anu omwe aja, osasintha ngakhale limodzi. Anaima chilili, kenako anakhala pakhonde, ndipo ndinamufotokozera zonse. Anangondiyang'ana ndikuvutika ndi malaya atatu, thukuta lili kamukamu, manja ake atawapanira pakati pa mawondo kuti asandithandize. Chingwe ndinachifikira ndekha.

Funso langa ndi limodzi: kumeneko mkono uja unawongoka? Ngati sunawongoke, musadandaule. Ndikulonjeza kuti mafizowa sindidumphitsa ngakhale tsiku limodzi, kuti ndiwadziwe bwinobwino. Ndikadzabwera tidzafuna khoma, ndipo tsache sindidzakulandaninso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati